Uphunzitsi wa gitala kuno ku Joni: mafunso ndi mayankho

Awa ndi mafunso amene amabwera mobwerezabwereza kuchokera kwa Amalawi a ku Rosettenville, Yeoville, Turffontein, Cosmo City ndi Diepsloot. Ena akufuna kuphunzira, ena akufuna gitala iziwadyetsa. Tawayankhira pamodzi, chifukwa wophunzira amene akudziwa ntchito ya mphunzitsi sadyeredwa ndalama zake.

Ndaimba gitala kutchalitchi zaka zambiri. Kodi ndingayambe kuphunzitsa?

Mungathe, achimwene, koma kuimba ndi kuphunzitsa ndi ntchito ziwiri. Oimba ambiri a kumudzi anaphunzira poonera zala za mkulu wawo, mwina pa gitala ya chigubu yokhala ndi nsambo za waya wa buleki ya njinga. Dzanja limadziwa zonse, koma mukawafunsa kuti afotokoze zimene chala chikuchita, amangoti "onerani" n'kuimbanso mothamanga. Wophunzira sapindula kanthu pamenepo.

Dziyeseni motere. Pezani munthu amene sanagwirepo gitala, mumuphunzitse chord (manoti angapo olira pamodzi) ya Em. Ikalira mokoka ngati ntchentche ili m'botolo, kodi mutha kudziwa chifukwa chake musanamulande gitalayo? Nthawi zambiri chimakhala chimodzi mwa izi: chala chatsindika kutali ndi kachitsulo ka fureti (mafureti ndi tizitsulo topingasa pa khosi la gitala), chala chagona n'kukhudza nsambo yoyandikana nayo, chikhadabo ndi chachitali moti nsonga ya chala siikufika pa thabwa, kapena vuto ndi gitalayo. Mphunzitsi amalipidwa chifukwa cha diso ndi khutu lotha kusiyanitsa zinayi zimenezi. Pamwamba pa apo muyenera kudziwa mayina a nsambo, manoti a pa mafureti asanu oyamba, ma chord a m'makiyi a G, C, D, A ndi E, kusintha nsambo, ndiponso kuwerenga nthawi mokweza mukuimba. Chomalizachi chimagwetsa akatswiri ambiri.

Phunziro loyamba limayenda bwanji?

Mphindi 45 zimakwana kwa wamkulu, 30 kwa mwana. Yambani ndi kuyang'ana gitala ya wophunzirayo, osati wophunzirayo. Ichuneni, muimbe nsambo iliyonse pa fureti iliyonse mpaka ya 12. Kenako zikhadabo: za dzanja logwira khosi la gitala ziwengedwe pomwepo, choncho muziyenda ndi chowengera m'chikwama.

Akhale pampando wopanda mikono, osati pabedi kapena pasofa pomwe munthu amamira. Chala chachikulu chikhale kuseri kwa khosi, chapakatikati. Mayina a nsambo ndi E, A, D, G, B, E, kuyambira yonenepa ya kumwamba, imene ndi nambala 6, kutsikira ku yowonda, nambala 1. Apa pamasokoneza: nsambo imene ili kumwamba ndiyo yolira mabesi. Gwirizanani tsiku lomwelo kuti muziitana nsambo ndi manambala, apo ayi "kwerani" ndi "tsikani" zidzakuyambanitsani mwezi wonse.

Chord yoyamba ikhale Em, zala ziwiri pa fureti yachiwiri ya nsambo 5 ndi 4. Aimbe nsambo imodziimodzi kuti amve yomwe yafa. Asatuluke asanaimbe kanthu kena komveka ngati nyimbo, ngakhale ka ma chord awiri. Munthu amene wabwerera kunyumba ndi mayina a nsambo okha sabweranso.

Aphunzitsi, ndigule gitala yotani?

Mtundu ubwere pambuyo. Choyamba ndi kutalikirana kwa nsambo ndi mafureti. Tengani makhadi a kubanki, muwalowetse pakati pa nsambo 6 ndi kachitsulo ka fureti ya 12. Khadi limodzi ndi lochindikala mamilimita 0.76. Pa gitala ya nsambo zachitsulo payenera kulowa makhadi atatu mothina, ndiye kuti mamilimita awiri ndi pang'ono. Pakalowa asanu n'kumagwedera, isiyeni, ngakhale ikunyezimira bwanji. Magitala ambiri otchipa a m'masitolo a pinyolo ali ndi nthenda imeneyi, ndipo wophunzira amadziimba mlandu kuti alibe luso pomwe chida ndicho chikumuzunza. Pa gitala ya nsambo za nayiloni, mamilimita 3 mpaka 4 ndi abwinobwino.

Yang'anani khosi ngati mukupenda thabwa, diso lili kumutu kwa gitala, muone ngati silinapotoke. Yang'anani bridge, kathabwa komwe nsambo zimamangidwa pamimba: pepala likalowa kunsi kwake ndiye kuti kakumatuka. Imbani nsambo yosagwira, kenako yomweyo pa fureti ya 12. Liwu likhale lomwelo, lokwera chabe. Likaphonya kwambiri, gitalayo siidzachunika ngakhale mutagula tuner (kachipangizo kochunira) yodula.

Nayiloni ndi yofewa kuzala, koma khosi lake ndi lotambalala, pafupifupi mamilimita 52, pomwe la zachitsulo ndi 43 kapena 44. Wofuna kuimba kukwaya kapena m'bandi angoyamba ndi yachitsulo, aikemo nsambo zopepuka, zolembedwa 10-47 pa paketi. Mwana wa zaka 8 mpaka 11 amafuna gitala ya 3/4. Chimene musachite n'chimodzi: kuika nsambo zachitsulo pa gitala ya nayiloni. Zachitsulo zimakoka ndi mphamvu ya makilogalamu pafupifupi 70, za nayiloni pafupifupi 40. Bridge imazuka, khosi n'kupindika, ndipo kukonzetsa kumaposa mtengo wa gitalayo.

Zala zikuwawa. Ndipitirize?

Nsonga za zala zimawawa kwa masabata awiri kapena anayi, kenako khungu limalimba. Imbani mphindi 10 kapena 15 tsiku lililonse, osati maola awiri Lamlungu lokha. Musaimbe mutangochapa kapena kutsuka mbale, khungu lonyowa limang'ambika. Thuza likatuluka, pumulani mpaka lipole. Koma ululu wa m'mfundo ya dzanja kapena pachigongono si wozolowera ayi. Umenewo ukutanthauza kuti mukufinya khosi mopitirira kapena dzanja lapindika kwambiri, ndipo mphunzitsi akonze kakhalidwe kanu msanga.

Amene amagwira ntchito ya zomangamanga kapena ya m'magaladeni ali ndi mwayi, khungu lawo ndi lolimba kale. Vuto lawo ndi kuuma kwa zala. Amatsindika ngati akugwira fosholo, mpaka noti imakwera. Auzeni achepetse mphamvu pang'onopang'ono mpaka nsambo iyambe kukoka, kenako awonjezere pang'ono chabe. Mphamvu yofunika ndi yomweyo.

Ma chord aphunzitsidwe m'dongosolo lotani?

Kumudzi ambiri amangoti "makiyi" potchula ma chord, ndiye muzimvetsetsana kaye kuti mukunena chiyani. Kiyi ndi banja, chord ndi munthu wa m'banjamo.

Amalawi ambiri amabwera ndi chuma chimene sadziwa kuti ali nacho: do, re, mi ya kukwaya. Gwiritsani ntchito chimenecho. Do, mi, so ndi chord yoyamba. Fa, la, do ndi yachinayi. So, ti, re ndi yachisanu. Nyimbo zambiri za m'buku la nyimbo ndi makolasi zimayenda pa zitatu zimenezi. Mu kiyi ya G ndi G, C, D. Mu kiyi ya A ndi A, D, E. Mu kiyi ya D ndi D, G, A. Mayi amene waimba alito zaka khumi amamva yekha pomwe chord ikusintha, chongofunika n'kumuonetsa komwe zala zipite.

Kiyi ya A ndi yabwino kuyambira chifukwa chala cha mkombaphala sichichoka pa nsambo 3. Pa A ndi pa D chimakhala pa fureti yachiwiri, pa E chimangotsetsereka kupita pa yoyamba. Chala chimodzi chikakhazikika, zinazo zimapeza kwawo mosavuta. Ntchito ya kunyumba ikhale yowerengeka: kusintha kuchoka pa A kupita pa D kangati pa mphindi imodzi, alembe nambalayo m'kope. Woyamba amapeza mwina 10. Akafika 30, nyimbo yayamba kuyenda.

Kiyi ya C ichedwe, chifukwa ili ndi F. Pa F ndi pomwe ophunzira ambiri amathawira. Musayambe ndi yotseka nsambo zonse zisanu ndi imodzi. Yambani ndi yaing'ono: mkombaphala pa nsambo 1 ndi 2 fureti yoyamba, chala chapakati pa nsambo 3 fureti yachiwiri, chachitatu pa nsambo 4 fureti yachitatu. Yotseka zonse aiphunzirire pa fureti yachisanu, pomwe nsambo ndi zofewerapo, kenako azitsika nayo. Chala chotsekacho chigonere chammbali pomwe pali fupa, osati pamnofu.

Kapo, kachitsulo kopanira nsambo zonse pa fureti imodzi, si chida cha aulesi, monga ena amanenera. Wa kiyibodi kutchalitchi akayambitsa nyimbo mu A flat, ikani kapo pa fureti yoyamba muimbe ma chord a G. Pa yachiwiri mupeza A, pa yachitatu B flat. Ma chord a D ndi kapo pa yoyamba akupatsani E flat. Wophunzira wa miyezi itatu amatha kuimba nawo Lamlungu chifukwa cha kachitsulo kameneka, ndipo amene waimbako pagulu kamodzi sasiya msanga.

Wophunzira wanga amadziwa ma chord koma nyimbo siimveka. Chavuta n'chiyani?

Dzanja lamanja. Amaliimitsa podikira lamanzere kuti lipeze chord. Lamulo ndi loti lamanja lisaime, ngakhale chord ituluke yopunduka. Atseke nsambo ndi dzanja lamanzere, azingokwapula pansi ndi mmwamba akuwerenga mokweza, phazi likugunda. Ikani metronome (kogunda nthawi) ya pafoni pa 60, muzikweza ndi 5 pokhapokha waimba kanayi osaphonya.

Dziwaninso kuti mabuku ambiri a gitala amayamba ndi kugunda kwa 4/4, pomwe manganje ndi magule ena a kwathu amagawa kugunda kulikonse patatu. Wophunzira akamalephera kuwerenga kugunda kogawika patatu kumeneku, komwe amalemba 12/8, musalimbane ndi manambala. Aombe m'manja ngati ali pachinkhoswe, kenako asamutsire kuombako pa nsambo. Thupi lake limadziwa kale.

Gitala inali bwino, koma mu June yayamba kukoka ndipo m'mphepete mwa khosi mukubaya. Yaonongeka?

Yauma. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, ndipo kuyambira May mpaka August mvula siigwa kwenikweni, mpweya umauma mpaka milomo kung'ambika. Thabwa nalo limatero. Gitala imakonda chinyezi cha pakati pa 45 ndi 55 peresenti. Chikachepa, thabwa la pamimba limaphwa n'kutsika, nsambo zimayandikira mafureti n'kumakoka. Khosi limafota koma tizitsulo ta mafureti sitifota, ndiye nsonga zake zimatuluka n'kumakanda dzanja. Mukazengereza, pamimba pamabwera mng'alu wotsata mzere wa thabwa, kawirikawiri kumunsi kwa bridge.

Mankhwala ake ndi otchipa. Tengani siponji yatsopano, muinyowetse, muifinye mpaka isadonthe, muiike m'kabokosi ka sopo koboolaboola, n'kuika m'chikwama cha gitala chakumutu. Tsekani chikwamacho. Nyowetsaninso pakapita masiku atatu kapena anayi. Madzi asakhudze thabwa. Gitala isakhale pafupi ndi hita, isapachikidwe pakhoma loombedwa dzuwa, isagone m'buti ya galimoto. M'zipinda za kuseri zofolera malata, momwe usiku kumazizira koopsa masana n'kutentha, malo ake ndi m'chikwama basi.

Musathamangire kupotokola truss rod, chitsulo cha m'kati mwa khosi. Ipatseni gitala sabata imodzi ya chinyezi kaye. Ikapitiriza kukoka, masulani chitsulocho gawo limodzi la magawo anayi a kuzungulira, muchune, mudikire mpaka mawa. Chikalimba, musakakamize. Chikathyokera m'katimo, gitala yatha.

Ndizilipiritsa bwanji?

Werengerani nthawi yonse, osati ya phunziro yokha. Tiyerekeze mwaika R150 pa phunziro, muli ndi ophunzira 10, aliyense kanayi pamwezi. Papepala ndi R6,000. Koma ngati mukuchoka ku Turffontein kukaphunzitsa ku Randburg, ndi matakisi awiri kupita, awiri kubwera, ndipo phunziro la mphindi 45 ladya theka la tsiku. Choncho mtengo wopita kunyumba kwa munthu ukhale wina, wobwera kwa inu wina. Sanjani ophunzira a dera limodzi tsiku limodzi.

Azilipira mwezi wonse patsogolo, sabata yomwe alandira malipiro. Wojomba osanena dzulo lake, phunzirolo lapita. Zimenezi zinenedwe tsiku loyamba ndipo zilembedwe pa WhatsApp, makamaka kwa a kwathu. Chibale chimavuta apa. "Achimwene, ndikuonani kumapeto kwa mwezi" yagwetsa aphunzitsi ambiri, ndipo wangongole amayamba kukuthawani, ndiye mwataya ndalama ndi wophunzira yemwe. Mukafuna kuthandiza wina, muuzeni poyera kuti ndi zaulere kapena ndi theka, kuti pasakhale ngongole yobisika.

December ndi mwezi wa njala kwa mphunzitsi. Anthu ali pa Park Station, pokwerera mabasi, ndi katundu, ulendo wa kumudzi, ndipo January ndalama zimapita ku yunifolomu ndi fizi. Sungani kanthu kuyambira September. N'chifukwa chake aphunzitsi ambiri amaphatikiza ndi kuimba kutchalitchi, m'maukwati, kukonza magitala ndi kugulitsa nsambo.

Ndiphunzitsire kuti, nanga nthawi yanji?

Ophunzira athu ambiri alibe Lolemba mpaka Lachisanu. Ogwira ntchito m'nyumba za mabwana amapezeka Loweruka masana kapena Lamlungu akaweruka kutchalitchi. Alonda amasinthana mashifiti a maola 12, choncho tsiku lawo limasuntha sabata ndi sabata. Pemphani ndandanda yawo ya mwezi. Chipinda cha kutchalitchi, mukagwirizana ndi akuluakulu a mpingo, chimaposa chipinda chanu cha lendi chomwe khoma lake ndi bolodi ndipo mnzanu wa shifiti ya usiku akugona.

M'takisi gitala iime pakati pa miyendo, mutu mmwamba. Pewani nthawi yodzaza pa malo okwerera matakisi a Noord kapena Bree, ndipo ampu (chokuzira mawu) musayende nayo usiku. Gitala ya magetsi ili ndi zake: magetsi akazima zulani pulagi, chifukwa pobwera amatha kuotcha ampu. Chitaninso chimodzimodzi ziphaliwali za m'dzinja zikayamba. Muzikhala ndi gitala yosafuna magetsi kuti phunziro lisafe.

Kodi pamafunika mapepala?

Kulandira ndalama pophunzitsa ndi ntchito, ndipo mlendo ayenera kukhala ndi chilolezo cha Home Affairs chomulola kugwira ntchito. Sukulu zimafunanso kalata ya kupolisi yosonyeza kuti mulibe mlandu, ndipo aphunzitsi a m'sukulu amalembetsa ku SACE, bungwe la aphunzitsi la dziko lino. Satifiketi ya nyimbo siikakamizidwa kwa wophunzitsa payekha, koma makolo a m'masababu amaifunsa. Mayeso odziwika kuno ndi a UNISA, Trinity College London, ABRSM ndi Rockschool, ndipo magiredi ake amafika 8. Woimba ndi khutu asachite nawo mantha. Chomuvuta chimakhala kuwerenga manoti, ndipo kumeneko kumafuna mphindi 10 patsiku kwa miyezi ingapo. Musalonjeze kholo kuti mukonzekeretsa mwana mayeso amene inu simunaonepo silabasi yake.

Nanga ana?

Kholo kapena wamkulu wina akhalepo, chitseko chikhale chotsekula. Izi zimateteza mwana ndi inu nomwe. Musanagwire chala cha mwana kuti muchikonze, pemphani. Ana obadwira kuno ambiri amayankha m'Chingerezi kapena m'Chizulu ngakhale muwalankhule Chichewa, ndipo makolo ena amakondwa phunziro likakhala ndi kanyimbo ka kumudzi. Mwana wosakwana zaka 6 nthawi zambiri dzanja limakhala lisanakwane. Ayambe ndi kuimba pakamwa ndi kuomba m'manja.

Pa YouTube pali zonse zaulere. Mphunzitsi ndi wachiyani?

Kanema saona chala chanu. Mutha kukhala chaka mukupinda dzanja molakwika, iye akungomwetulira. Gwiritsani ntchito zonse ziwiri: kanema akupatseni nyimbo, mphunzitsi akonze dzanja.

Kuphunzitsa pa foni kumatheka, ngakhale kwa wophunzira amene ali ku Mzuzu kapena ku Cape Town, koma simungaimbire limodzi chifukwa mawu amafika mochedwa. Njira yosadya data ndi yotumizirana timakanema ta mphindi imodzi. Foni iimikidwe moti manja onse awiri aoneke, kuwala kuchokere kutsogolo.

Ndiphunzitse nyimbo za kumudzi kapena za kuno?

Funsani wophunzira nyimbo zitatu zimene amazikonda, musankhepo yosavuta. Koma mphunzitsi wa Chimalawi amene amangophunzitsa za pa wailesi akutaya chimene ena alibe. Njira ya pakati pa Joni ndi kwathu gitala yaiyenda kalekale. Kwela, mtundu wa nyimbo, inakulira m'misewu ya Johannesburg m'zaka za m'ma 1950, ndipo Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka anaitenga n'kuipatsa kakomedwe ka kwathu. Ray Phiri wa gulu la Stimela, amene anamwalira mu 2017, bambo ake anali ochokera ku Malawi. Erik Paliani, woimba gitala wa ku Malawi, anagwirapo ntchito kuno ndi oimba Hugh Masekela ndi Zamajobe.

Chofunika kuphunzitsa pa kaimbidwe ka kwathu ndi kugawana ntchito kwa zala ziwiri: chachikulu chimayendetsa besi pa nsambo 6, 5 ndi 4, mkombaphala chikutola nyimbo pa zowonda. Yambitsani chachikulu chokha kwa sabata yathunthu, mpaka wophunzira azitha kucheza nanu besi ikuyenda. Kenako onjezani noti imodzi yokha ya mkombaphala, yogwera pamodzi ndi besi. Zogwera pakati zibwere pomaliza. Mukaphatikiza zonse tsiku limodzi, chala chachikulu chimayamba kutsatira chinzake ndipo besi imafa. Amene wagwira zimenezi savutika akakumana ndi maskandi, nyimbo ya Azulu, poti nayonso imaimbidwa motola ndi zala, ngakhale oimba ake ambiri amachuna gitala mwa njira yawoyawo.

Ndikupita nayo kumudzi pa basi. Ndiisamale bwanji?

Ulendo wodzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete mpaka ku Mwanza kapena ku Dedza ndi wa masiku awiri, nthawi zina kuposa, ndipo chigwa cha Zambezi chimatentha moti guluu amafewa. Masulani nsambo iliyonse kawiri kapena katatu, osati kuzichotsa. Kulungani mutu wa gitala ndi malaya, poti pomwe mutu umakumana ndi khosi ndi pomwe pamathyoka. Dzazani mipata ya m'chikwama ndi zovala kuti isagwedere. Kambiranani ndi kondakitala musanakwere kuti ilowe nanu m'kati, isapite mu ngolo pansi pa mafiriji ndi matumba. Sungani lisiti yogulira chifukwa pachipata angaifunse.

Ampu ya kuno imagwira ntchito kwathu popeza magetsi ndi a 230 volts konsekonse, koma pulagi ya kuno ndi ya mano atatu obulungira pomwe ya ku Malawi ndi ya mano atatu aphwatalala, ndiye gulani adaputa kapena musinthe pulagiyo. Tenganinso mapaketi awiri kapena atatu a nsambo, ndi nsambo 1 zapadera zingapo, chifukwa ndiyo imaduka kawirikawiri ndipo kumudzi simungaipeze pagolosale. Mukafika, isiyeni gitala m'chikwama kwa maola angapo izolowere mpweya, kenako muichune pang'onopang'ono kuyambira nsambo 6.